Zaka 20 ku Joni: akubwereranji?

Pa chipata cha Mwanza ndi cha Dedza, mabasi olowera kummwera amadzaza ndi anyamata ndi atsikana, kachikwama kumsana, nambala ya foni ya mbale wawo ili m'thumba. Za amenewa timalankhula kawirikawiri. Amene sitiwatchula ndi ena a m'mabasi obwerera: abambo ndi amayi a imvi, okhala ku Johannesburg, Durban kapena Cape Town zaka 15, 20, ena mpaka 30, omwe ulendo uno abwera ndi mabedi, mapoto ndi makina osokera, ndipo alibe maganizo opitanso. Chizulu amachilankhula ngati eni ake. Ana awo anabadwira konko. Nanga n'chiyani chimam'tutumutsa munthu wotere, amene unyamata wake wonse anausiya kumeneko, kuti amange katundu n'kudzayambira pansi kumudzi?

Yankho lofulumira ndi lakuti akuthawa zipolowe, ndipo zipolowezo si zochepetsa. Mu Meyi 2008 chiwawa chinayambira ku Alexandra n'kufalikira m'mizinda ina, anthu 62 n'kuphedwa. Mu Epulo 2015 chinabukanso ku Durban, boma lathu n'kutumiza mabasi kukatenga anthu ake masauzande. Mu Marichi 2019 Amalawi a ku Durban komweko anatulutsidwa m'nyumba zawo n'kukabisala ku polisi. Kuyambira 2021 kwadza gulu la Operation Dudula, lomwe lafika mpaka poima pazipata za zipatala n'kumafunsa odwala ziphaso. Koma tifunsane moona: mwa amene anakwera mabasi a boma aja, ndi angati anakhazikikadi kuno? Anthu a ku Mangochi, Mzimba ndi Nkhata Bay amadziwa kuti ambiri, zinthu zitangozizira, anakongola ndalama ya transipota n'kuuyambanso ulendo. Wobwerera kotheratu sanyamuka tsiku la chipwirikiti. Amanyamuka tsiku lopanda phokoso, ataiganizira nkhaniyo kwa zaka, atazindikira kuti nthawi yonse imene wakhala m'dzikomo siinamuyandikitse ngakhale pang'ono ku ufulu wokhalamo.

Apa ndiye pagona nkhani. Mmalawi amalowa m'dziko la South Africa popanda viza, n'kupatsidwa masiku 30. Ntchito zimene ambiri mwa anthu athu amagwira, za m'gadeni, za m'nyumba, zosoka, zomanga, za m'mashopu ndi m'mafamu, si zimene boma la kumeneko limaperekera chilolezo mosavuta. Ndiye munthu amatsala ndi njira ziwiri: kumadinditsa pasipoti mwezi ndi mwezi, kapena kungokhala masiku atatha. Kuyambira 2014, wopitiriza masiku amaletsedwa kulowanso m'dzikomo kwa chaka chimodzi mpaka zaka zisanu. Kodi tinayamba taganizirapo tanthauzo la lamulo limeneli kwa munthu amene walandira foni yoti mayi ake atisiya ku Ekwendeni? Akapita kukaika, wataya ntchito, chipinda, mwinanso mkazi ndi ana. Akapanda kupita, amatumiza ndalama ya bokosi n'kulira yekha m'kachipinda ka malata. Kodi munthu angaphonye maliro angati mtima wake usanatembenuke?

Wokhalako chaka chimodzi ndi wokhalako zaka 25 amaopa galimoto ya apolisi mofanana. Onse awiri akhoza kugwidwa pa msewu n'kukapezeka ku Lindela, ku Krugersdorp, akudikira basi yowabweza. Akuluakulu anati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka, koma ankanena za munthu wodzagona usiku uwiri. Nanga amene walera ana a bwana wake kuyambira ali makanda mpaka kukwatira, amene wamanga nawo nyumba zosanja za ku Sandton, amene zidzukulu zake sizidziwa dziko lina, akhale mlendo mpaka liti?

Anzathu a ku Zimbabwe anayamba kulandira chilolezo chapadera mu 2010, ndipo a ku Lesotho anapatsidwa chawo patapita zaka zingapo. Zilolezozo zili ndi mavuto ake. Cha a ku Zimbabwe boma linafuna kuchithetsa, mpaka khoti linalowererapo mu 2023. Komabe chinawalola anthu kugwira ntchito poyera, kutsekula akaunti ku banki ndi kupita kwawo n'kubwerera osaopa. Amalawi, omwe agogo awo anakumba golide wa ku Witwatersrand m'nthawi ya Wenela, alibe chotere. Maboma athu, kuyambira 1994 mpaka lero, akhala akukumana ndi akuluakulu a ku Pretoria. Kodi nkhani imeneyi inaikidwapo patebulo ndi mphamvu? Ngati inakanidwa, bwanji mtundu sunauzidwe?

Unyamata umabisa zambiri. Pamene munthu ali ndi zaka 25, kugona anthu asanu m'chipinda chimodzi amakupirira, chifukwa mwezi ukatha amapita ku Mukuru n'kutumiza ndalama yomwe kuno imagula malata. Thupi likayamba kukana m'pamene mafunso amabwera. Ndalama ya okalamba imene boma la South Africa limapereka kuyambira pa zaka 60 ndi ya nzika, okhala ndi chilolezo chokhazikika ndi othawa kwawo ovomerezeka. Wa m'gadeni wopanda mapepala saiona, ndipo bwana wake sanamuikire penshoni. Mwana wobadwira kumeneko kwa makolo achilendo sakhala nzika pobadwa. Lamulo limamulola kupempha unzika akakwanitsa zaka 18, koma pokhapokha kubadwa kwake kutalembedwa m'kaundula, ndipo kholo lopanda mapepala limaopa kuyandikira ofesi imeneyo. Pa 31 Ogasiti 2023 moto unapha anthu 76 m'nyumba ya Usindiso pakati pa Johannesburg, ndipo ena mwa iwo anali Amalawi. Mu Meyi 2024 nyumba yomwe inkamangidwa ku George inagwa n'kupha anthu 34, Amalawi alinso momwemo. Munthu amene wathandiza kusonkha ndalama zotumizira mitembo ya anzake kangapo amayamba kudzifunsa: kodi ndibwerere kwathu ndikuyenda ndekha, kapena ndidikire kudzapita m'ngolo ya transipota?

Zimenezi si zachilendo kwa ife, ndipo n'chifukwa chake kusakonzeka kwathu kumapweteka. Agogo athu anayenda pansi kupita ku Salisbury ndi Bulawayo, ena anatengedwa ndi bungwe lolemba antchito la Mthandizi. Anagwira m'mafamu a fodya ndi m'migodi, anakwatira, anaika Gule Wamkulu m'makomboni, anamanga mizikiti ndi matchalitchi. Ana ndi zidzukulu zawo ankadziona ngati anthu a ku Zimbabwe. Kenaka kunabwera kulanda mafamu mu 2000, ogwira ntchito n'kutaya ntchito ndi pogona pomwe. Mu 2001 lamulo la unzika linasinthidwa, anthu obadwira momwemo n'kulembedwa kuti ndi obwera. Mu 2005 Operation Murambatsvina inagwetsa nyumba m'mizinda, anthu n'kuuzidwa kuti apite kumidzi yawo, pomwe ambiri a mtundu wathu analibe mudzi m'dzikomo. Malamulo oyendetsera dziko a 2013 anakonzako nkhani ya unzika, koma moyo wa anthu ambiri unali utasokonekera kale. Ngati mibadwo itatu siinakwanire kum'sandutsa munthu mwini dziko, nanga tikuganiza kuti zaka 20 za ku Joni zikwanira?

Wina anganene kuti vuto ndi kusowa mapepala ndi sukulu basi. Nanga bwanji Amalawi okhala ku Britain, anamwino ndi ena amadigiri, okhala ndi mapepala onse, nawonso amatopa? Kumeneko kulibe zikwanje, koma malamulo amasuntha munthu ali kale m'kati. Mu Marichi 2024 olowa pa viza yosamalira okalamba analetsedwa kubwera ndi mabanja awo, ndipo mu Julayi 2025 njira yolembera antchito oterewa kuchokera kunja inatsekedwa. Mu 2018 kunaululika nkhani ya Windrush: anthu ochokera ku Caribbean, omwe anafika ali ana n'kukalambira m'dzikomo mwalamulo, anachotsedwa ntchito, kumanidwa chithandizo, ena kutsekeredwa ndi kuthamangitsidwa. Mmalawi wa ku Manchester kapena Leeds anaiona nkhaniyo ndipo anaimvetsa. Onjezanipo mashifiti a usiku, lendi yodya gawo lalikulu la malipiro, kukwezedwa kwa anthu amene iye anawaphunzitsa ntchito, ndi ana osamva Chichewa. Koposa zonse, amene amasamalira okalamba amaona tsiku ndi tsiku mmene ukalamba wa kumeneko umakhalira: agogo okhala miyezi osachezeredwa ndi m'bale. Kodi tingadabwe kuti munthu amene wagwira dzanja la agogo oterowo akutsirizika amayamba kufunsa mtengo wa puloti ku Area 49 kapena ku Chileka?

Tsopano titembenukire kwa ife otsala, chifukwa gawo lina la kukhumudwa kwawo linaphikidwa kuno. Foni yochokera kumudzi ndi kangati inali yongofunsa moyo? Fizi, feteleza, chipatala, chinkhoswe, zonse zimagwera mmodzi amene ali kunja, ndipo iye sanena kuti mwezi uno wagona ndi njala, poopa manyazi. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ambiri tinawerengera kuti randi ya mbale wathu yakula, osawerengera kuti zopempha zathu zakulanso. Ndipo nkhani ya nyumba ndani saidziwa? Munthu amatumiza ndalama za simenti zaka zisanu, n'kumalandira zithunzi pa WhatsApp, koma pofika amapeza maziko omera udzu, kapena nyumba yathadi koma mapepala ali m'dzina la mchimwene wake. Munda umene anasiya unagawidwa. Akafunsa, amauzidwa kuti wabwera ndi mtima wachilendo. Kodi mlongo amene anadya ndalama ya malata ali ndi nkhope yanji yonenera kuti uyu wabwera chimanjamanja? Kodi a mfumu amene anagawa mundawo anaganiza kuti mwini wake sadzakalamba?

Mantha a kusekedwa ndi amene amasunga anthu ambiri kunja nthawi yobwerera itapitirira kale. Mnyamata wa zaka ziwiri ku Joni akabwera pa Khirisimasi ndi galimoto, mudzi wonse umatuluka. Mkulu wokhalako zaka 20 akabwera ndi chifuwa ndi masutikesi awiri, anthu amanong'onezana. Timaiwala kuti ndalama zake zili m'satifiketi za ana a abale ake, m'manda omangidwa bwino a makolo, ndi m'denga la tchalitchi kapena mzikiti. Sanabwere wopanda kanthu; chuma chake tinachidya kale ndife.

Nalo boma lili ndi mafunso ake oti liyankhe. Mu Meyi 2020, pa nthawi ya Covid-19, anthu mazanamazana ochokera ku South Africa anatsitsidwa pa Kamuzu Stadium ku Blantyre, pamalo opanda chakudya ndi zimbudzi zokwanira, mpaka ambiri anathawa. Unali mliri, inde, koma kodi kunja kwa mliri tili ndi dongosolo lotani lolandirira obwerera? Madoda a Teba, omwe ntchito yawo ya m'migodi ya ku South Africa inatha kumapeto kwa zaka za m'ma 1980, akhala akulembetsa mayina ndi kuyendera maofesi kulondola ndalama zawo kwa zaka zoposa 30, ambiri mpaka kumwalira asanaone kanthu. Wa ku Joni wa lero akaona zimenezi aphunzirapo chiyani za dziko lake? Nyumba ya Malamulo inavomereza unzika wa mayiko awiri mu 2018, ndipo chinali chinthu chabwino, koma chimathandiza amene ali ndi pasipoti yachiwiri, osati wa m'gadeni. Amene ali kunja savota ali komweko, ngakhale ndalama zawo zakunja timaziwerengera pamene dziko likusowa madola. Telala amene waphunzira kusoka m'mafakitale a ku Durban, womanga amene amadziwa kuika matailosi ndi mapaipi, namwino wa zaka 15 m'chipatala cha ku Britain: kodi pali ofesi imene imawafunsa zimene akudziwa? TEVETA ingalephere kuwayesa ndi kuwapatsa mapepala a luso lawo? Nanga mwana wobwera akulankhula Chizulu ndi Chingerezi chokha, wopanda chikalata chobadwira cha dziko lililonse, alembetsa bwanji chiphaso cha unzika, ndipo sukulu imulandira m'kalasi yanji?

Pali chimodzi chimene chingachitike ngakhale chaka chino, chosafuna lamulo latsopano. Mu 2008 khoti la zantchito ku South Africa linagamula kuti wantchito wachilendo, ngakhale chilolezo chake chitatha, amatetezedwa ndi malamulo a ntchito, ndipo bungwe la CCMA lingamve dandaulo lake. Kuyambira 2019 dzikolo lili ndi malipiro ochepetsetsa okhazikitsidwa ndi lamulo, ndipo mu 2020 khoti lalikulu linagamula kuti antchito a m'nyumba ayenera kulandira chipukutamisozi akavulala pa ntchito. Ambiri mwa anthu athu amachoka osadziwa zimenezi, atapatsidwa zovala zakale ndi ndalama ya basi pambuyo pa zaka 20 za ntchito. Tili ndi ofesi ya kazembe ku Pretoria ndi ina ku Johannesburg. Kodi n'kovuta kuikamo anthu odziwa malamulo a ntchito, olankhula Chichewa, Chiyao ndi Chitumbuka, oti mayi kapena bambo amene waganiza zobwerera awaonere asanakwere basi pa Park Station? Unduna wa Zantchito ndi Unduna Woona za Ubale wa Dziko Lino ndi Mayiko Ena atiuze: ndani mwa iwo ali ndi udindo umenewu, ndipo ayamba liti?