Ukayenda Siya Phazi: Za Kulemba Zakumtima pa Nkhani za Chikondi

Akuluakulu adati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata, ndipo potero ankachenjeza munthu wapaulendo kuti phazi limene waponda pabwalo la eni limafufutika ndi tsache la m'mawa, koma mawu amene walankhula kumeneko amatsala, amayenda pakamwa pa anthu, mpaka tsiku lina adzam'peza kwawo. Mwambi umenewu udabadwa pa nthawi imene mawu analibe posungidwa pena koma m'makutu ndi m'mitima ya omva, komabe ukugwira ntchito kwambiri lero pamene anthu ochuluka, makamaka achinyamata, akulemba za chikondi chawo, za kutha kwa zibwenzi ndi mabanja awo, komanso za mmene mavutowo awakhwimitsira, n'kuziika pa Facebook ndi pa WhatsApp kuti aliyense awerenge.

Chilakolako chofuna kulemba zakumtima n'chabwino, ndipo palibe chifukwa chochinyozera. Mwambi wina umati mtima suvala nsanza, kutanthauza kuti wosauka ndi wolemera, wophunzira ndi wosaphunzira, onse amafuna zabwino ndipo amakonda ndi kupwetekedwa mofanana, choncho mwayi woti wogulitsa tomato pamsika alembe za mtima wake monga momwe amalembera alakatuli odziwika ndi chinthu choyenera kuchilandira ndi manja awiri. Chizolowezichi si chachilendonso m'Malawi. Pa zaka zimene amuna ambiri ankapita kumigodi ya ku Joni kudzera ku Wenela, bungwe limene linkalemba anthu ntchito za m'migodi ya golide, mabanja ambiri ankalumikizidwa ndi kalata basi, ndipo zinali choncho kufikira mu 1974 pamene ndege yonyamula ogwira ntchito idagwa ku Francistown n'kupha Amalawi oposa 70, boma la Kamuzu Banda n'kuyamba laimitsa maulendo a kumigodiwo. Mwamuna wosadziwa kulemba ankapempha mnzake wa m'komboni kuti amulembere, ndipo kumudzi mkazi ankapita nayo kalatayo kwa mphunzitsi kapena kwa mwana wa sukulu kuti amuwerengere, moti wolemba ankasankha mawu akudziwa kuti adutsa m'kamwa mwa munthu wachitatu. Ngakhale zinali choncho, kalatayo inkapita kwa mwini nkhani, amene akanatha kuyankha, kukana kapena kukhululuka. Zolemba zambiri za lero zimapita kwa gulu, ndipo munthu amene akukambidwayo amangozimva kwa ena.

Apa ndi pamene pali vuto lalikulu, chifukwa nkhani ya chikondi siikhala ya munthu mmodzi. Wolemba za ukwati wake akulembanso za mwamuna kapena mkazi wake, za apongozi, za alamu, ngakhalenso za ana amene sadafike pa msinkhu wodziyankhira. Makolo adaliona vutoli ndipo adaika ankhoswe, ndiye kuti anthu oimira mbali ya kuchimuna ndi mbali ya kuchikazi, kawirikawiri atsibweni kapena achimwene a okwatiranawo, amene amachitira umboni ukwati pachiyambi ndi kumva madandaulo ake pambuyo pake. Ubwino wa unkhoswe sudali wakuti ankhoswe ndi anzeru kuposa anthu ena, pakuti ena amakondera ndipo ena amathamangira kutseka nkhani isanapse. Ubwino wake udali wakuti wodandaula ndi wodandaulidwa amakhala pamphasa imodzi, aliyense n'kupatsidwa mpata wolankhula mnzake akumva. Munthu akamalemba yekha usiku mtima ukuwawa, amakhala wodandaula, mboni ndi woweruza nthawi imodzi, ndipo owerenga, amene amva mbali imodzi yokha, amagamula mlandu wa munthu amene sadamuonepo. Mawu olembedwawo akhoza kufufutidwa m'mawa mwake mkwiyo utatsika, koma amakhala atajambulidwa kale m'mafoni a anthu ena, ndipo awiriwo akadzagwirizana, monga zimachitikira m'mabanja ambiri, achibale amene adawerenga amakhalabe ndi chakukhosi. Lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la mu 2016, limene limayang'anira zochitika pa intaneti, limaletsa kuzunza kapena kuopseza munthu kudzera m'mauthenga otere, koma zowawa zambiri zimene zolembazi zimabweretsa sizifika kukhoti, zimangotsala pakati pa mabanja awiri amene adzakumanabe pamaliro ndi pazinkhoswe.

Komabe mwambi wa phazi ndi mlomo usasanduke chotsekera pakamwa anthu ozunzidwa, ndipo mfundo imeneyi ndi yofunika kuinena mosabisa. Pa chilangizo, pamene anamkungwi ndi amayi ena amapereka malangizo kwa mtsikana wolowa m'banja, mawu akuti banja ndi kupirira amamveka kawirikawiri, ndipo amayi ambiri akhala chete zaka zochuluka akumenyedwa poopa kunenedwa kuti aulula za m'nyumba. Dziko lidavomereza kuti kukhala chete kotere kumapha pamene lidakhazikitsa lamulo loteteza anthu ku nkhanza za m'banja mu 2006, ndipo m'mapolisi muli nthambi za Victim Support Unit zimene ntchito yake ndi kulandira ndi kuthandiza ochitiridwa nkhanza. Munthu amene akumenyedwa, kulandidwa katundu kapena kuopsezedwa ali ndi ufulu wonse wolankhula ndi wolemba, ndipo zimene walemba zikhoza kutsegula maso a wina amene ankaganiza kuti zimene akukumana nazo ndi mmene banja limakhalira. Kusiyana kuli pa cholinga: wina amalemba kuti apulumuke ndi kupulumutsa anzake, pamene wina amalemba kuti amene adam'kana achite manyazi pamaso pa anthu.

Mbali imene imasowa kwambiri m'zolemba za masiku ano ndi ya kukula kwa wolemba mwiniwake, ngakhale kuti ambiri amanena kuti ndiyo akulemba. Kukula kumene kukunenedwa pano ndi kusintha kwa maganizo ndi makhalidwe kumene kumabwera munthu akaunguza zimene zidam'chitikira n'kuona mbali imene iye adalakwitsa. Buku la Nthondo, limene Samuel Josia Ntara, mphunzitsi wa ku Nkhoma, adalemba ndipo lidatuluka mu 1933, limakhalabe chitsanzo chabwino cha mmene nkhani ya kusintha kwa munthu imalembedwera, chifukwa silibisa kuba ndi kusamvera kwa mwini nkhani ali mnyamata, limamutsata pa ulendo wokagwira ntchito kutali, ndipo kusintha kwake kumaoneka patapita zaka, m'zochita zake atakhala mfumu. Wowerenga amakhulupirira kusinthako chifukwa adaona kuipa kumene kudalipo poyamba. Zolemba zambiri za chikondi zimachita zosiyana ndi zimenezi: zolakwa zonse zimaunjikidwa pa mnzake uja, wolemba amaoneka woyera kuyambira pachiyambi mpaka pamapeto, kenako amalengeza kuti waphunzira, chikhalirecho chibwenzi chatha dzana lomweli. Zimene waphunzirazo kawirikawiri zimakhala zakuti asadzakhulupirirenso munthu, zomwe ndi chizindikiro cha bala limene silidapole.

Akuluakulu adatinso mawu a akulu akoma akagonera, ndipo zimenezi n'zoona pa mawu a munthu wamng'ono yemwe. Kulemba zonse m'kope la iye mwini, mopanda kubisa kapena kukometsera, kumathandiza munthu kumva zimene mtima wake ukunena, ndipo pamenepo palibe wom'letsa. Koma zopita nazo pagulu ziyenera kuyamba zagonera, kuti wolemba adzaziwerengenso mkwiyo utazizira n'kudzifunsa ngati munthu amene akum'kambayo, atawerenga, angavomereze kuti zidachitikadi choncho ngakhale zikum'pweteka. Pamenepo wolemba amazindikira kuti dzina la munthuyo, mudzi wake, mpingo wake ndi malo ake a ntchito siziwonjezera kanthu pa phunziro la nkhaniyo, ndiponso kuti ziganizo zimene zidam'komera usiku uja n'zimene zimam'chititsa manyazi tsopano. Amazindikiranso kuti mawu okongola obwereka m'mafilimu ndi m'mauthenga ongotumizirana amam'bisa iye mwini, pamene chinthu chaching'ono chimene chidachitikadi, monga tsiku limene adasiya kufunsa mnzake kuti waswera bwanji, chimam'fika wowerenga pamtima.

Luso limeneli limaphunzitsika. Aphunzitsi a Chichewa m'sukulu za sekondale, amene amaphunzitsa kale kalembedwe ka kalata, chimangirizo ndi ndakatulo, pamodzi ndi mabungwe a alembi monga Malawi Writers Union, angathe kuonetsa achinyamata mmene nkhani yoona imasandutsidwira nkhani yopeka kapena ndakatulo, mmene munthu weniweni amabisidwira osataya choonadi cha zimene zidachitika, ndiponso nthawi imene kuli koyenera kuyamba wapempha chilolezo kwa mwini nkhani mnzake asanaitulutse.