Dandaulo la anthu a ku Rumphi pa za madamu ndi magetsi

Ife alimi, eni zigayo, owotcherera zitsulo ndi ometa tsitsi a ku Bolero, Hewe, Mhuju ndi paboma la Rumphi, tikutula nkhawa zathu kwa inu akuluakulu oona za magetsi m'dziko muno.

Choyamba, damu likagumuka kutali, ululu wake umatipeza konkuno. Mu Januwale 2022 namondwe Ana adaononga damu la Kapichira ku Chikwawa, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130. Madzi osefukirawo sadafike kwathu, koma mdima udafika ndipo udakhalitsa mpaka 2023. Amayi ankagona pachigayo kudikira magetsi a pakati pa usiku, nsomba zinkaola m'mafiriji, anyamata athu ankangokhala m'mashopu manja lende pomwe lendi ikuwerengedwa.

Chachiwiri, nkhondo nayo siyisiya damu. Pa 6 Juni 2023 damu la Kakhovka pa mtsinje wa Dnipro ku Ukraine lidaphulitsidwa. Midzi idamira, ngalande zothirira minda zidauma. Anthu amakangana kuti wolakwa ndi Russia kapena Ukraine, koma ife tikumvera chisoni mlimi mnzathu amene adataya munda. Nkhondo yomweyo ndi imene idakweza feteleza wa fodya ndi chimanga chathu. Pafupi pompa ku Tete, zigawenga za Renamo zidagwetsa nsanja za mawaya a Cahora Bassa, damu lalikululo n'kukhala zaka zambiri osatumiza magetsi ku South Africa.

Chachitatu, ngakhale taona zonsezi, Nkula, Tedzani ndi Kapichira zonse zili pa Shire. Mutu umodzi susenza denga. Kumpoto kuno tili ndi kamalo kakang'ono ka Wovwe ku Karonga, pomwe madzi a South Rukuru akungotsikira kunyanja tikuona. Za mapulani omanga damu la Fufu pa mtsinjewu tamva kwa zaka zambiri, koma ntchito yake sitikuiona. Chonsecho amishoni a Livingstonia adatapa magetsi pa Manchewe m'boma lathu lomwe lino kalekale mu 1905.

Pempho lathu ndi ili: bwerani mudzatiuze maso ndi maso pamene nkhani ya Fufu yafika. Amene minda yawo idzamire afunsidwe ndi kulipidwa mokwanira ntchito isanayambe. Mangani malo opangira magetsi kuno kumpoto, kuti tsoka la mtsinje umodzi lisadzazimitsenso dziko lonse.