KODI MALIKISI A MARKETING AKUYEZA CHIYANI?

 Uthengawu ndi wautali, ndiye ngati muli pa ntchito usungeni muwerenge madzulo. Nkhani ya lero ndi ya malikisi, makamaka momwe amachongera kosi ya marketing. Ambiri a ife tikalowa za bizinesi timakumana nayo kosi imeneyi, ndipo ena imawagwetsa mpaka kubwerera kumudzi.

Ndinene poyera. Kachongedwe ka kosi imeneyi m'makoleji ambiri kwathu kuno n'kopotoka. Kamayeza amene amatha kuloweza, amene ali ndi laputopu, ndi amene wagwera mu gulupu yabwino. Chimene kosiyo imati ikuphunzitsa, chomwe ndi kudziwa wogula ndi msika wake, chimapeza nyenyeswa zokha.

Tengani pepala lija a lekichala amagawa sabata yoyamba. Kawirikawiri limati malikisi 60 ndi a mayeso omaliza, 40 ndi a ntchito ya m'kati mwa semesita. Mu 40 muja muli mayeso apakati, asayimenti ya wekha ndi ya gulupu. Kenako malamulo: ulembe pa kompyuta, zilembo za Times New Roman saizi 12, mabuku uwatchule mwa dongosolo la APA kapena Harvard, utumize pa intaneti isanakwane 12 koloko usiku, ukachedwa tikudula malikisi. Werengani pepala lonselo mundiuze pamene palembedwa kuti upite pa msika ukafunse anthu. Nthawi zambiri palibe.

Tiyambe ndi 60 uja. Maola atatu m'holo, cholembera kumanja, funso n'kumati fotokozani ma P anayi. Ma P amenewa anawaika pamodzi ndi E. Jerome McCarthy wa ku America mu 1960, ndipo Philip Kotler anawafalitsa m'mabuku ake amene mpaka lero ali m'malaibulale athu. Tanthauzo lake ndi katundu, mtengo, malo ogulitsira ndi kulengeza malonda. Mfundo yake ndi yabwino, ine sindikuinyoza. Koma munthu atha kuiloweza usiku umodzi, kuilavula pa pepala m'mawa, kupeza 75, n'kuiiwala asanafike pa geti.

Tsono taganizani za mayi amene amagula usipa ku Senga Bay n'kukagulitsa ku Dowa. Amadzuka kukadali mdima kudikira mabwato a kauni. Amadziwa kuti mwezi ukawala nyali sizikoka nsomba, usipa umachepa, mtengo umakwera. Amadziwa kuti mwera ukaomba mu June ndi July asodzi sapita kutali, ndiye wouma amene anasunga uja ndi ndalama. Akakweza matumba pa galimoto n'kukwera mapiri pa msewu wa Salima kudzera pa Mvera ndi Chezi, mutu wake ukuwerengera thiransipoti, msonkho wa pa msika ndi usipa umene udzafumbutuke m'njira. Akafika pa Mponela kapena Madisi amadziwa kuti thumba la wogula wake limatsata ulimi. Fodya akalowa pa msika, soya ndi mtedza zikagulitsidwa, anthu amagula kachidebe. Ikafika January ndi February nkhokwe zili mbee, anthu omwewo amafuna kamulu. Mayiyu sasintha mtengo wa mulu chifukwa anthu anauzolowera, amangochepetsa nsomba zake. Pamene kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, mafuta a injini ndi a galimoto n'kukwera, anawerengeranso zonse mwatsopano popanda kalikuleta.

Amenewo ndiwo ma P anayi, akuyenda ndi miyendo, atavala chitenje. Mwana wa mayi ameneyu anakulira pa thandala, amadziwa zonsezi m'magazi. Akalowa kalasi ya marketing amayenera kukhala patsogolo pa anzake. Chodabwitsa, amayambira kumbuyo, chifukwa funso la asayimenti likuti fotokozani momwe Apple kapena Nike imagawira makasitomala ake. Sanagwirepo iPhone. Ndiye amatsegula Google n'kukopera zimene analemba wina wa ku London. Aliyense m'kalasimo wakopera malo omwewo. A lekichala akuchonga chiyani pamenepo, eti?

Chachiwiri ndi zipangizo. Malikisi a kaonekedwe ka pepala ndi a nthawi yotumizira amaoneka ngati achilungamo popeza lamulo ndi limodzi kwa onse. Koma onsewo sakuyambira pamzere umodzi. Wina ali ndi laputopu yake ndi WiFi kunyumba ku Area 47. Wina ali ku holide kumapiri a Ntchisi, kumene nyumba zambiri sizinaonepo waya wa ESCOM, foni amakatchajitsa pa tiledingi senta, netiweki amaipeza atakwera pachulu. Akabwerera ku koleji amabwereka laputopu ya mnzake 10 koloko usiku mwini wake atamaliza. Magetsi akazima 11 koloko, basi, malikisi adulidwa. Ndiye mukati uyu wapeza 48, uyo wapeza 68, mwayeza nzeru kapena mwayeza matumba a makolo?

Chachitatu ndi gulupu. Amati mutu umodzi susenza denga, ndipo n'zoona kuti ku ntchito munthu sugwira wekha. Koma ife ana a asodzi timadziwa momwe gulu limagawanirana. Pa chilimira aliyense ali ndi ntchito yake, siginala ali ndi yake, okoka ali ndi yawo, ndipo amene wagona kunyumba salandira gawo. Ku koleji anthu asanu ndi atatu amalembedwa pa chikuto, ogwira ntchito ndi awiri, malikisi n'kukhala ofanana. Waulesi amakhoza pa thukuta la mnzake. Wolimbikira akagwera pakati pa aulesi amamira nawo limodzi. Pa doko zimenezi zingathe tsiku limodzi, koma m'kalasi zikuchitika chaka ndi chaka.

Chachinayi ndi chimene chimandiwawa kwambiri. Pepala limabwera ndi nambala yokha yozunguliridwa ndi cholembera chofiira, 52, popanda mawu alionse. Nthawi zina limabwera mayeso omaliza atadutsa kale. Sukudziwa pamene unalakwitsa, sukudziwa chimene chikanakupatsa 70. Muyeso wa malikisi uli m'mutu mwa munthu mmodzi. Sikelo ikakhala kuseri kwa kauntala, wogula amabedwa, zimenezo mlimi aliyense wa soya ku Dowa angakuuzeni. Ndipo pamene muyeso uli wobisika m'pamene pamamera kukondera, mantha, ndi nkhani zija timamva za achemwali athu kuopsezedwa ndi malikisi. Alekichala ambiri ndi anthu olungama, koma dongosolo labwino silidalira kuti munthu aliyense akhale woyera mtima.

Musaone ngati ndi nkhani ya manambala chabe. Kumbuyo kwa 48 uja kuli bambo amene anagulitsa ukonde kapena anabwereketsa injini kuti fizi ipezeke. Kuli ngongole ya ku bungwe la boma lobwereketsa ndalama kwa ophunzira, limene linayamba ntchito mu 2015, ndipo ngongoleyo imadikira kubwezedwa. Ukalephera ndi mayeso obwereza, ukalepheranso ndi kubwereza chaka, mapeto ake kuwididwa. Banja lonse limagwa nawe.

Wina anena kuti aise, dziko lonse amachonga choncho, njira ina kulibe. Ilipo, ndipo ili m'boma la Dowa lomweli. Ku Dzaleka, kumene kale kunali ndende ya andale ndipo kuyambira 1994 ndi kampu ya anthu othawa kwawo, kukukhala anthu oposa 50,000 ochokera ku DR Congo, Burundi, Rwanda ndi maiko ena, pa malo amene anakonzera anthu pafupifupi 10,000. Mu 2018 yunivesite ya ku America ya Southern New Hampshire inafikitsa kumeneko maphunziro a digiri a pa intaneti, kuphatikizapo a kayendetsedwe ka bizinesi. Njira imene inabwera nayo ndi ya mapulojekiti. Wophunzira amapatsidwa ntchito pamodzi ndi muyeso wake wolembedwa. Akatumiza, yankho limakhala lakuti wakhoza luso limeneli, kapena lakuti sunafikepo, ndipo wochonga amalemba chimene chikusowa. Amakonza n'kutumizanso mpaka atafikapo. Muyeso sutsika, chimene chimasintha n'chakuti kulakwitsa kumakhala mbali ya kuphunzira. Ngati zimenezi zinatheka mu kampu yothithikana chonchija, zingakanike bwanji ku Blantyre, Zomba, Lilongwe ndi Mzuzu?

Tiwamverenso alekichala, chifukwa ali ndi mfundo zawo. Amati kalasi imodzi ili ndi anthu mazana, munthu mmodzi sangalembe ndemanga pa pepala lililonse. N'zoona, ndipo vuto limenelo ndi la akuluakulu a koleji amene amatenga ophunzira ambiri osawonjezera aphunzitsi. Koma muyeso wolembedwa umachepetsa ntchito. Ukagawa pepala limodzi lonena kuti kafukufuku ndi malikisi akuti, masamu a phindu akuti, kalembedwe akuti, kuchonga kumafulumira ndipo madandaulo amachepa.

Amatinso mayeso a m'holo ndi okhawo amene munthu sangabere, makamaka pano pamene ChatGPT ikulemba asayimenti mu mphindi ziwiri. Apa ndiye akundithandiza kunena. ChatGPT imadziwa zonse za Coca-Cola. Siidziwa kuti Lachiwiri lapitali pa msika wa ku Dzaleka tomato amagula bwanji m'mawa ndipo anatsika bwanji dzuwa litapendeka. Siinacheze ndi ogulitsa mbatatesi ya ku Ntchisi. Mukafuna asayimenti yosakopereka, tumizani mwana ku msika, abwere ndi manambala ake, aimirire mphindi zisanu kutsogolo ayankhe mafunso. Wobera amagwidwa pa funso lachiwiri.

Enanso amati tikatero titsitsa mulingo wa digiri, a NCHE sangalole. Kodi chovuta n'chiti, kuloweza tanthauzo la m'buku kapena kuwerengera phindu lenileni la thumba la usipa kuchokera pa doko mpaka pa Mponela, n'kunena chimene mayi uja angasinthe kuti apindule kwambiri? Apa m'pamene buku limagwira ntchito yake. Mayi uja amadziwa msika wake umodzi. Wophunzira amayenera kudziwa kufunsa anthu mwadongosolo, kulemba manambala, kufananiza misika isanu, n'kupanga pulani imene banki ingaikhulupirire. Umenewo ndi mulingo wokwera kuposa wa panowu.

Ndiye zimene tikupempha n'zosavuta kumva. Muyeso wa asayimenti iliyonse uperekedwe tsiku lomwe funso laperekedwa. Theka la malikisi a kosi ya marketing lichokere pa ntchito ya pa msika weniweni wa m'Malawi muno, kaya ndi wa nsomba, mtedza, kaunjika, kabaza kapena Airtel Money ndi Mpamba. Malikisi a zilembo ndi mizere asapose ochepa chabe. Mu gulupu aliyense alembe chimene anachita ndipo ayankhe yekha mafunso. Pepala libwere ndi ndemanga mayeso omaliza asanafike, ndipo asayimenti imodzi yaikulu munthu aloledwe kuikonza n'kutumizanso. Wochedwa chifukwa cha magetsi kapena netiweki akhale ndi njira yodziwika yofotokozera, osati kukagwada mu ofesi.

Inu amene muli m'kalasi pano, musadikire kuti zisinthe zokha. Sabata yoyamba pemphani muyeso kudzera kwa kalasi repu, mwaulemu, polemba. Sungani kope la chilichonse chimene mwatumiza ndi sikirinishoti ya nthawi yake. Werengani buku la malamulo a koleji yanu, muone pamene akunena za kupempha kuti pepala lichongedwenso, chifukwa ambiri timalira kunja lamulo lili m'manja mwathu. Mukapatsidwa mwayi wosankha mutu wa asayimenti, musachite manyazi kulemba za usipa. Mabungwe a ophunzira nawonso asamangotulukira pa nkhani ya fizi ndi chakudya, iyinso ndi nkhani yawo.

Tumizani uthengawu kwa mng'ono wanu amene ali ku koleji, kwa kalasi repu, ndiponso kwa a lekichala ngati muli ndi nambala yawo. Amene akutsutsa alembe mu gulupu muno tikambirane, koma abwere ndi mfundo.