IMPSO YOCEDWA KUDZUKA SI NKHANI YA MIZIMU

M'caka ca 2018 madokotala a pa cipatala ca UTH mu Lusaka anaika impso ya munthu wina m'thupi la wodwala kwa nthawi yoyamba m'dziko lino. Popeza matenda a shuga ndi kuthamanga kwa magazi, amene amaononga impso, afika ngakhale m'midzi ya kwa Zingalume, Mlolo ndi Mwangala, ife a m'boma la Chadiza tiyenera kuidziwa nkhaniyi.

Impso ya ku UTH ija inacokera kwa munthu wamoyo. Koma m'maiko monga South Africa ndi America amatenganso impso za anthu amene angomwalira kumene, abale atavomera. Impso yotere nthawi zina siyamba nchito msanga. Mkodzo subwera, thupi litupa, ndipo masiku 7 asanathe wodwala abwezedwa ku makina otsuka magazi. Ku America zimenezi zimagwera pafupifupi munthu mmodzi mwa anai alionse olandira impso ya womwalira. Kwa olandira ya wamoyo n'zosowa.

Kwathu kuno ambiri akadati mwini wake wakana, mzimu wake wakwiya. Iai, abale. Impso ikacotsedwa imasungidwa pa madzi oundana, yopanda magazi, kwa maola ambiri, mwina tsiku lathunthu, pofunafuna woyenera kuilandira. Pa nthawiyo tinjira take tosefa timavulala, ndipo maola akaculuka kuvulalako kumakulanso. Mlimi wa fodya adziwa kuti mbande ikawokedwa imafota masiku oyamba. Saizula, amaithirira mpaka igwire. Makina aja ndiko kuthirirako, ndipo impso zambiri zimadzuka patapita masiku kapena milungu ingapo.

Sindinena kuti kucedwaku n'kwacabe. Impso yocedwa thupi limatha kuikana mosavuta, ndipo popeza mkodzo kulibe, kukanako sikuoneka. N'cifukwa cake madokotala amatapako kacidutswa ndi singano kuti akapime. M'bale asawaletse.

Cimene ndiopa koposa ndi cifundo cathu comwe. Wodwala akacedwa kucira, azakhali amabwera ndi botolo la mizu pansi pa citenje, ena namuuza kuti aleke mapiritsi cifukwa aculuka. Mapiritsi amenewo ndiwo aletsa thupi kumenyana ndi mlendoyo, ndipo amamwedwa masiku onse impsoyo ili m'thupi. Mizuyo nayo, ikalowa m'magazi, ikasefedwa ndi impso yovulala yomweyo.