Kompositi sadya mtovu

Anzanga a ku Golomoti ndi Mtakataka, tiuzane zoona. Oyilo wakuda wa m'magalaja ndi m'zigayo, mabotolo a mankhwala a thonje, mabatire akufa a sola, zonsezi tikungotaya paliponse. Mvula ikagwa zimakokolokera m'madimba, m'minda ya mpunga, mpaka m'nyanja momwe mumachokera usipa wathu.

Ena amati nthaka yotere mukangothira manyowa, basi yachira. Ayi ndithu! N'zoona kuti tizilombo ta mu kompositi timatha kuwoletsa oyilo, koma pamafunika miyezi, madzi, aganyu otembenuza mulu, komanso kukayezetsa dothilo ku labu. Zonsezo ndi ndalama. Pomwe mtovu wa m'mabatire suwola ngakhale pang'ono. Ku Kabwe, m'dziko la Zambia, mgodi wa mtovu unatsekedwa mu 1994, koma mpaka lero ana akudwala ndi fumbi lake.

Lamulo la zachilengedwe la 2017 limati woipitsa ndiye alipire. Nanga alipira bwanji popanda womuyendera? A MEPA, tsikirani kuno kuchigwa. A khonsolo ya Dedza, tipatseni posonkhanitsira mabatire ndi oyilo pamsika uliwonse. Apo ayi, bilu yonse idzagwera mlimi wa kumunsi yemwe sanataye kanthu.