Ndowa za Usipa Timalemba, Nanga Zimene Tawerenga?

Mwini chilimira sagona asanalembe ndowa za usipa zimene asodzi ake abwera nazo. Mayi wogulitsa nsomba zouma ku Mangochi kapena ku Nkhotakota ali ndi kope la angongole, ndipo saiwala ngakhale tambala. Koma afunseni anthu omwewa chimene anawerenga mwezi wathawu, ndi chimene chinatsala mumtima mwawo, mudzawaona akuyang'ana kudenga. Chuma timachisamala ndi cholembera, koma nzeru timazitungira m'dengu. Abale ndi alongo anga, ichi n'chochititsa manyazi kwa anthu amene Buku lawo lili ndi Sura yonse yotchedwa Al-Qalam, kutanthauza cholembera.

Taonani zimene zimachitika m'mwezi wa Ramadhan. Qur'an ili ndi majuzu 30, ndipo ambiri timamaliza juzu imodzi patsiku. Ena amanyadira kuti aimaliza kawiri. Sindikukana kuti kuwerenga kokhako kuli ndi malipiro ake kwa Allah. Koma Eid ikadutsa, ndani angatchule ndime imodzi imene inamuletsa kunama pamalonda? Matanthauzo a Qur'an alipo m'Chichewa ndi m'Chiyao, choncho chodzikhululukira chakuti sitimva Chiarabu chinatha kale. Tikupikisana pa kuchuluka kwa masamba, pamene funso lenileni ndi lakuti masambawo atisintha bwanji.

Pempho langa ndi ili: nyumba iliyonse ikhale ndi kope la zowerenga. Mwezi ukaoneka, tsegulani tsamba latsopano. Lembani tsiku, dzina la buku, pamene mwalekezera, chimene chakukhudzani, ndi funso limene lakuvutani. Musasankhe mabuku achipembedzo okha. Ngati mwana wabwera ndi Kukula ndi Mwambo la J.W. Gwengwe, liwerengeni, mulembe miyambo imene mukugwirizana nayo ndi imene ikusemphana ndi Chisilamu. Mwezi ukatha, khalani pamkeka pambuyo pa swala ya Isha, aliyense awerenge zake, bambo, mayi ndi ana omwe.

Alipo amene adzati: "Ndiwe yani kuti ulembe maganizo ako pa mabuku a ma Ulama? Kumeneko n'kudzikweza." Yankho langa n'lakuti kope si fatwa. Ndi malo osungiramo mafunso opita nawo kwa Sheikh tsiku la Jumu'ah. Safunsa anadya phula. Ndiponso ophunzira akale ankalemba ndemanga m'mphepete mwa mabuku awo, ndipo zambiri mwa ndemangazo zinasanduka mabuku amene akuphunzitsidwa mpaka lero. Wodzikweza weniweni ndi amene amakhulupirira kuti mutu wake suiwala.

Ena adzati nthawi palibe, ntchito ya panyanja ndi yotopetsa. Komatu nthawi yotumizirana mauthenga pa WhatsApp imapezeka, ngakhale mauthenga onamizira Mtumiki (mtendere ndi madalitso a Allah zikhale pa iye) mawu amene palibe wafufuza gwero lake. Munthu wozolowera kulemba dzina la buku ndi tsamba sanamizidwa msanga, chifukwa amafunsa kuti mawuwa achokera kuti.

Ine mwezi wathawu ndinawerenga mahadisi 42 amene anasonkhanitsa Imam An-Nawawi. Ndinali nditawawerengapo kale kangapo, osasintha kanthu. Ulendo uno, nditafika pa hadisi yoletsa mkwiyo, cholembera chinandikakamiza kunena zoona: ndinalemba za mchimwene wanga amene sitinalankhulane chiyambire mkangano wa malire a munda. Zolembazo zinandiyang'ana masiku asanu ndi anayi. Tsiku lakhumi ndinapita kukamupatsa salamu.

Kope ndi lotsika mtengo kuposa ndowa imodzi ya usipa. Mwezi ukubwerawu ukaoneka, ligulani, mulembe tsiku pamwamba.