MLEME WAGWA MASANA? USIYENI

Kwa Kasisi mango akapsa, mileme imachita phwando, ndipo ana amalimbirana ndi amphaka kutola yogwa pansi. Abale, mleme wogwa masana kawirikawiri ngodwala. Ku South Africa mu 1970 bambo wina anamwalira ndi nthenda yonga chiwewe mleme utamuluma.

Komatu mlandu tisaukankhire mileme yokha. A WHO amati pa anthu 100 odwala chiwewe, pafupifupi 99 amachitenga kwa galu. Nanga Bingo wanu wosakira uja munamubayitsa liti katemera?

Mukalumidwa, tsukani bala ndi sopo kwa mphindi 15, kenaka liwiro kuchipatala cha Chikwawa tsiku lomwelo. Zoyamba mwadzera kwa asing'anga zisiyeni. Munthu akafika poopa madzi, ngakhale ku Queens mankhwala ake kulibe.